Akamwini Atsatana

Bambo anga ankadziwa mayina asanu okha a nyenyezi, ndipo onse asanu anandisiyira. Sanachite kundikhazika pansi kuti andiphunzitse. Ankangowatchula tili pa ngolo, tikuchoka kwathu ku Ntchisi m'mbandakucha kupita kuchigayo, akuloza ndi chikwapu cha ng'ombe. Nthanda, yowala ija imene imatsogolera dzuwa. Nsangwe, kagulu kothinana ngati anapiye pa madeya. Mlalang'amba, mzere wotuwa wodula thambo pakati. Kumpotosimpita, nyenyezi zinayi zopingasana cha kummwera, zimene zimangozungulira pomwepo osasendera kumpoto. Ndiye panali zitatu zondondozana, zotalikirana mofanana, zimene bambo ankazitchula akumwetulira: Akamwiniatsatana.

Ine kumpotoko ndinapita. Ndinafika ku Karonga ndili mnyamata, pa ntchito yokonza mijigo, ndipo ndinakwatira mkazi wachinkhonde wa m'mudzi wina kufupi ndi Boma. Ndinapereka ng'ombe monga mwa mwambo wa kuno. Mwambowo umati mkazi wolowoledwa apite kwa mwamuna. Koma kwathu ndinalibe pomufikitsira. Munda wa amayi unali utapita kale kwa alongo anga, monga zikhalira kwathu, ndipo ntchito inali kuno. Apongozi anga aamuna anandilozera malo kuseri kwa khola, m'mphepete mwa nthochi, nati ndimange pamenepo. Panalibe kalata. Tinakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi, tinalera ana aakazi awiri, onse anakwatiwa kutali. Apongozi atamwalira, mudzi unatsala m'manja mwa alamu anga awiri, alongo ake a mkazi wanga. Aakulu anali mkulu wa mpingo, tinkakhala benchi imodzi m'tchalitchi. Aang'ono anali ndi ana aamuna asanu ndi munda umodzi wa mpunga.

Mkazi wanga anamwalira nyengo yokolola mpunga. Anamuika pafupi ndi nyumba, monga amachitira ambiri kuno. Kuchokera pakhomo kufika pamanda pake ndinkayenda mapazi makumi awiri. M'mawa uliwonse ndinkasesapo masamba a nthochi, kenako n'kupemphera. Sindinkafuna china pa dziko lino koposa kukalambira pamenepo, ndi kudzagona pambali pake.

Miyezi isanu ndi iwiri itapita, kunabwera zivomezi zija. Aliyense wa ku Karonga amazikumbukira. Nthaka inkagwedezeka lero, mawa n'kukhala chete, mkuja n'kuyambiranso. Chipupa chakumadzulo cha nyumba yanga chinagwa, zinazo zinang'aluka moti dzanja linkalowa. Palibe amene ankalimba mtima kugona m'nyumba. Tonse a pamudzipo tinasamukira pabwalo la alamu aakulu, pamtetete, kutali ndi makoma, titazika timitengo tomangirira maneti. Anabweranso ndi banja lawo bambo wina wa sitolo, Msilamu wa ku Mangochi, amene sitolo yawo ya pamsewu inali itang'alukanso. Anali munthu wansangala, wosatha kukhala chete.

Tsiku lina mvula inagwa masana, madzulo kumwamba kunayera. Magetsi kunalibe. Tinali titangodya kumene, aliyense ali pamphasa pake chagada. A sitolo aja analoza kumwamba.

"Kagulu ako, anzathu a ku Tanzania amati Kilimia. Amati kakaoneka, khasu paphewa."

Chimwalirire mkazi wanga ndinali ndisanalankhule zambiri ndi munthu. Sindidziwa chimene chinandimasula pakamwa. Mwina ndi chifukwa choti kwa nthawi yoyamba munthu anatchula chinthu chimene sichinali maliro kapena ming'alu.

"Kwathu timati Nsangwe," ndinatero.

"Eya, achimwene, ndinamvapo. Nanga zina?"

Ndinawauza za Mlalang'amba, umene unkaoneka mozimiririka. Ndinati Nthanda masiku ano sikuoneka, ndipo Kumpotosimpita amatuluka tambala ali pafupi kulira. Alamu aang'ono, amene ankamvetsera atatsamira chigongono, anaseka.

"Kumpoto simpita? Nyenyezi imeneyo ili ndi nzeru kuposa anthu ena."

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Chinali chilamu, ndipo chilamu sichipsetsa mtima. Kenako a sitolo analoza kummawa, mbali ya kunyanja, kumene zitatu zija zinali zitangokwera pamwamba pa mitengo ya mango.

"Nanga izo zili pamzerezo?"

"Akamwiniatsatana."

A sitolo anaomba m'manja. Kwawonso amakwatira chikamwini, choncho anamva msanga. Koma alamu aang'ono anadzuka n'kukhala tsonga.

"Mwati chiyani, alamu? Bwerezani."

Ndinabwereza, pang'onopang'ono. Ndinafotokoza monga bambo ankafotokozera: ndi akamwini atatu a pamudzi umodzi, alawirira kumunda wa apongozi, akuyenda motsatana chifukwa kanjira n'kakang'ono, ndipo palibe akufuna kuoneka kuti watsalira.

"Mkamwini ndiye ndani kwenikweni?" anafunsa alamu aang'ono. "Tatiuzani. Mawuwa ndimawamva pa wailesi."

"Mwamuna wokhala kwa mkazi," anayankha a sitolo. "Kwathu timati ndi tonde wobwereka. Akagwira ntchito yake, chingwe m'khosi, abwerere kwa eni ake."

Pabwalo panamveka kuseka, koma kochepa. Akazi awo a alamu aakulu anakhosomola. Alamu aang'ono sanaseke. Anandiyang'ana, ngakhale mumdimamo sindinkaona bwino maso awo.

"Nanga mkaziyo akamwalira, amatani mkamwiniyo?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndikanatha kunena kuti zimatengera. Ndikanatha kuyasamula n'kufunda chitenje. Koma munthu anandifunsa za mwambo wa kwathu, ndipo ine moyo wanga wonse ndikafunsidwa chinthu chimene ndikuchidziwa ndimayankha.

"Amamusudzula," ndinatero. "Maliro akatha, abale a mkazi amasonkhana, amamuthokoza, n'kumuuza kuti wamasuka. Amatenga khasu lake, nkhwangwa ndi mphasa, n'kubwerera kwawo."

"Nyumba?"

"Imatsala."

"Oho," anatero alamu aang'ono, nagonanso. "Mwambo wabwino."

Zaka zonse zija palibe anali atanditchulapo mkamwini. Mawuwo kuno kulibe, chifukwa chinthucho kulibe. Ndinali alamu, kapena Mchewa uja wa mijigo. Ndinkakhala pamalo popanda dzina, ndipo chinthu chopanda dzina n'chovuta kuchithamangitsa. Dzinalo ndinawapatsa ndine, pamodzi ndi lamulo lake.

Choyamba kusintha chinali chilankhulo. Alamu anga ankandilankhula Chinkhonde kuyambira kale, ine n'kumayankha m'Chinkhonde changa chopunduka, iwo n'kumaseka. Mawa lake alamu aang'ono anandipatsa moni wa Chichewa chowongoka bwino, chonga cholankhulira mlendo wa ku ofesi. "Mwadzuka bwanji, akamwini?" Ana awo anatengera. Pofika sabata, akazi kumjigo, mjigo womwe ndinaukonza ndi manja anga kosawerengeka, ankati ndikafika, nkhani n'kuduka.

Madzulo aliwonse kumwamba kukayera, alamu aang'ono ankadikira kuti zitatu zija zituluke.

"Akamwini, anzanu aja afika. Akufunsa ngati mwamanga katundu."

Tsiku lina ankati, "Atatu okha? Pali danga kumapetoko, wachinayi akwana." Tsiku linanso, "Onani mwambo, sadikira kuuzidwa. Angoyenda okha." Sankakweza mawu. Ankanena ngati akunena za mvula. Ana awo aamuna, abambo a ndevu kale, ankaseka m'manetimo. Ine ndinkatembenukira kumbali n'kuyamba pemphero la madzulo, koma nthawi zambiri ndinkafika pakati n'kupeza kuti ndikungowerenga mayankho amene ndikanawapatsa.

Nthaka itayamba kukhazikika, anthu anayamba kukonza nyumba. Ine ndinatola njerwa zosasweka za chipupa chogwa chija, ndinazipala dothi, n'kuziunjika bwino. Ndinkagona m'khitchini, imene inali ya mitengo ndi udzu ndipo sinagwe. M'mawa wina ndinapeza ng'ombe ziwiri za alamu aang'ono zitamangidwa pa nsanamira ya khonde langa, mulu wa njerwa utagumuka, ndowe pakhomo. Ndinazimasula n'kuzibweza kukhola. Mawa lake zinalinso pomwepo. Tsiku lachitatu ndinapita kwa alamu aakulu.

Ndinawapeza akusoka chingwe cha goli. Sanandipatse mpando, anangoloza chitsa ndi chibwano.

"Alamu, ndikufuna kuyamba kumanga mvula ikadukiza."

"Musafulumire."

"Ndikugona m'khitchini."

"Ndaona. Musafulumire. Tikhale pansi kaye."

Tinakhala pansi Loweruka, pansi pa mango, ine mbali ino ndekha, iwo mbali iyo: alamu awiri, akazi awo, ndi amalume awo okalamba amene sankamva bwino. Ana anga ndinawaimbira foni, koma wina anali ndi pakati potopa, winayo mwamuna wake anati za kwawo kwa amayi ake asalowerere. Alamu aakulu anatsegula ndi pemphero, ndipo anapemphera m'Chichewa.

Ndinanena zanga mwachidule. Ndinati ndinapereka ng'ombe, sindinalowe pamudzi pano chikamwini. Ndinati malowo anandipatsa ndi bambo awo, iwo ali pomwepo akuona.

"Zoona," anatero alamu aang'ono. "Munapereka ng'ombe. Ndiye pa mwambo wathu, wopereka ng'ombe amatenga mkazi kupita naye kwawo. Munapita naye?"

"Ayi."

"Ndiye mwambo wathu simunautsate. Munatsata wanu. Ife sitikukana, mwambo wa munthu ndi wa munthu. Tautsatani mpaka kumapeto. Munatiuza nokha mathero ake, tonse tikumva, nyenyezi zili mboni."

Ndinati mwambo wa kwathuwo uli ndi mbali ina imene sindinanene usiku uja. Mkamwini amene wakalamba pamudzi, amene wakhala bwino ndi anthu, ana ake amatha kuimirira n'kunena kuti bambo athu asachoke, ndipo amakhala.

"Ana ake a pamudzipo," anatero alamu aang'ono. "Anu ndi a pamudzi pano? Ng'ombe zija zinali za chiyani? Ana ndi anu, alamu, sitikulimbirana nanu. Kwawo ndi ku Ntchisi."

Ndinaona kuti atseka uku ndi uku. Pa mwambo wawo ndinalibe malo chifukwa ndine mwamuna wa kwina. Pa mwambo wathu ndinalibe ondiimirira chifukwa ndinalowola, ana n'kukhala anga osati a pamudzipo. Ndinayang'ana alamu aakulu. Tinali titanyamula limodzi mabokosi a maliro ambiri, la bambo awo, la mayi awo, la mlongo wawo. Ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Nyumba ikanakhala chiimire, sitikanalankhula," anatero potsiriza. "Munthu satulutsidwa m'nyumba yoima. Koma yagwa, ndipo sitinagwetse ndife. Kumanga kwatsopano ndi nkhani yatsopano. Anyamatawa alibe pomanga."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndiyenera kuzilemba. Anyamata asanu aja analibedi pomanga. Wachiwiri ankagona ndi mkazi ndi ana awiri m'chipinda chimodzi cha nyumba ya bambo ake. Ndimadziwa kuti njala ya malo si nkhanza. Koma njala ya malo sinkafuna ng'ombe pakhonde langa, ndiponso sinkafuna nthabwala za madzulo.

Ndinafunsa kuti andipatsa mpaka liti. Alamu aakulu anayamba kunena za kukolola, koma aang'ono anawadula.

"Anzawo atatu akumwamba aja ndi amene anene. Pano madzulo akumakhala pamutu. Tsiku limene tidzadye chamadzulo, n'kuyang'ana kumwamba osawaona, ndiye kuti afika kwawo. Nawonso atsatire. Si paja amatsatana?"

Amalume okalamba aja anafunsa kuti akuti chiyani. Atawafotokozera m'Chinkhonde mokuwa, anagwedeza mutu, nati nzabwino, pamenepo palibe angakangane za tsiku.

Sindinkadziwa kuti munthu angadane ndi nyenyezi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatuluka m'khitchini muja dzuwa likangolowa, n'kuima pafupi ndi manda, kuyang'ana pamene zafika. Mwezi wa Febuluwale zinali pamutu penipeni. Mitambo ikaphimba masiku anayi kapena asanu ndinkapuma, ngati kuti zikaphimbidwa zimaima. Kukayera ndinkapeza zasendera. Mu Malichi zinali zitapendekera kumadzulo, kumapiri a njira ya ku Kayelekera. Ndinaika chizindikiro pa nsonga ya mtengo wa mgwalangwa wa kuseri kwa khola: sabata ino zili mikono iwiri pamwamba pake, sabata inayo mkono umodzi ndi theka. Nsangwe inatsogola, inayamba kumira m'chisisira. Ndili mwana ndinkaona ngati akamwini aja akupita kumunda. Tsopano ndinkaona amuna atatu opanda manyazi, oyenda mwaulemu kupita kumene awathamangitsira, osatembenuka n'komwe. Ndinawatukwana kamodzi, mokweza, mawu amene sindinawatchulepo chibatizidwire. Ndinatukwananso, mumtima, munthu wakalekale amene anayang'ana kumwamba, malo onse aja, n'kuonako akamwini.

Lamulungu ndinkakhalabe benchi imodzi ndi alamu aakulu. Tinkaimba m'buku limodzi la nyimbo chifukwa maso awo ndi ofooka ndipo langa linali la zilembo zazikulu. Pa Mgonero ndinalandira chikho kuchokera m'manja mwawo. Kawiri ndinachidutsitsa osamwa, chifukwa ndinkadziwa zimene zinali mumtima mwanga. Abusa anandifunsa. Ndinati ndi nkhani ya pabanja. Anati aipempherera, ndipo ndikhulupirira anaipemphereradi.

A sitolo aja anabwera tsiku lina masana, atanyamula shuga ndi masamba a tiyi. Anakhala pa njerwa zanga, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, pakamwa pangapa. Za tonde zija."

"Munanena zimene amanena kwanu."

"Ndinkayesa tikucheza."

"Inenso."

Sindinawathandize kupitirira pamenepo. Anali munthu yekhayo amene anabwera kudzapepesa, ndipo ndi iye amene ndinamuumira mtima, chifukwa ndi iye yekha amene ndikanatha kumuumira mtima popanda kutaya kanthu. Ponyamuka anati mphwawo ali ndi sitolo ku Ngara, ndipo kuseri kwake kuli chipinda chimene amasungiramo matumba a usipa. Patapita sabata ziwiri ndinapita ndekha kusitolo kwawo kukafunsa za chipindacho.

Ku Ntchisi sindikanapita. Alongo anga anamwalira, pamudzi pali adzukulu amene amandidziwa pa chithunzi. Ana anga aliyense anati ndipite kwa iye, koma kumeneko n'kutali ndi manda, ndipo ndikanakakhalanso pakhomo pa mwamuna wina. Ngara ndi ulendo wa minibasi imodzi.

Chakumapeto kwa Epulo zitatu zija zinkaoneka kanthawi kochepa, pansi pa nsonga ya mgwalangwa, kuwala kwa dzuwa kusanatheretu. Sindinafune kuti alamu aang'ono adzakhale ndi tsiku lawo loima pabwalo n'kulengeza. Ndinazula malata asanu ndi atatu amene anali abwino, chitseko, ndi mafelemu awiri a mawindo. Njerwa ndinazisiya. Madzulo a tsiku lomaliza ndinapita kwa alamu aakulu. Ulendo uno anandipatsa mpando.

"Ndinyamuka mawa. Ndili ndi zopempha ziwiri."

"Nenani, alamu."

"Ndizibwera kudzasesa pamanda."

"Muzibwera. Koma muziyamba mwafika pano, tizidziwa kuti pamudzi pali mlendo. Anyamatawa akamanga, pamenepo padzakhala pakhomo pa eni ake."

"Chachiwiri. Ndikadzafa, mudzandiike pambali pake."

"Zimenezo sindinganene ndekha."

"Ndani anganene?"

"Mwina ine ndidzatsogola. Adzaona otsala."

Otsala ndi alamu aang'ono ndi ana awo. Ndinathokoza, ndinawagwira chanza. Akazi awo anandiperekeza mpaka pa khola, n'kundipatsa kathumba ka mpunga watsopano. Kusudzula kwenikweni, kothokoza munthu pamaso pa anthu, sikunachitike. Mbali imeneyo ya mwambo palibe anaifunsa.

Chipinda cha ku Ngara chinkanunkha usipa, ndipo mpaka lero mvula ikagwa fungolo limabwerera. Ndinakhala mwezi wathunthu ndisanapite, chifukwa ndinkaopa kukaona. Kenako Loweruka lina ndinakwera minibasi m'mawa. Ndinafika pakhomo pa alamu aakulu n'kunena odi, pakhomo pamene kwa zaka makumi atatu ndinkangolowa. Anali atapita kumunda. Ndinakhala pa chitsa chija kuyambira cha m'ma naini mpaka dzuwa litafika pamutu. Ana ankadutsa n'kumandiyang'ana. Atabwera, anasamba kaye, anadya, kenako anauza akazi awo kuti andibwereke tsache ndi kundiperekeza.

Nyumba anali ataigumula yonse. Njerwa zanga zinali m'maziko atsopano, chapatali pang'ono, ndipo pamene panali chipinda chathu chogona anabzalapo nthochi zinayi. Pamanda panali masamba a mwezi wonse ndi ndowe youma. Ndinasesa, ndinazula udzu, ndinagwada. Mayi aja anaima patali atafulatira, kuti ndipemphere momasuka. Ndisanamalize ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ndipo anaima osayandikira. Anadikira mpaka nditanena amen.

"Mwatiyendera," anatero alamu aang'ono.

"Ndakuyenderani."

"Mwasesa bwino. Koma musachedwe, masiku ano ikangokwana folo minibasi za ku Ngara zimavuta."

Ndinabweza tsache kwa mwini wake, ndinasasa maondo, n'kupita kumsewu.